Musanamizidwe, chisanu sichipha tizilombo ta m'dimba

Pali bodza lina lomwe ife ochokera kotentha timalimeza msanga tikangofika kuno ku Scotland, loti dziko lozizira chonchi tizilombo toononga mbewu sitingakhalemo. Ndipo ukaona mmene kunja kumakhalira mu Disembala sungatsutse, nthaka yauma gwa, madzi a mu ndowa aundana, dzuwa likutuluka 9 koloko itatsala pang'ono n'kukalowa 4 isanakwane, olo ntchentche imodzi osaiona. Umangoti basi zonse zafa, chaka chamawa tiyambira poyera. Ayi ndithu abale anga, palibe chafa apa, zangogona.

Kumudzi mbewu zathu zambiri ndi za chaka chimodzi, chimanga, nyemba, mtedza, maungu, tikakolola munda umatsala mbee, mbuzi ndi ng'ombe zidye mapesi, anyamata atenthe posaka mbewa, kenako dzuwa la Okutobala liwotche nthaka. Sikuti tizilombo timatha ayi, amene anaona ntchemberezandonda zachilendo zija za mu 2017 akudziwa, koma bola pamakhala miyezi yoti m'munda mulibe chodya. Kuno maluwa ndi zipatso zambiri za m'dimba ndi zokhalitsa, ma perennial, umadzala kamodzi, winta akafika zambiri masamba amafota n'kufa koma tsinde ndi mizu zili moyo pansi, Epulo akafika zaphukanso pamalo omwewo. Heuchera, hosta, lupin, ma lily, sitiroberi, rhubarb, kuonjezerapo timitengo ta gooseberry ndi currant. Nde taganizani, mbewu ngati sikusamuka, kachilombo kodya mbewuyo kasamukirenji? Kamangotsikira pansi pa mbewu yomweyo, kugona, n'kudzadzuka chakudya chili pakhomo.

Ndipo matupi ake a tizilomboti anazolowera. Tambiri winta akamayandikira timapanga glycerol m'thupi yomwe imaletsa madzi a m'thupimo kuundana, tina timadutsa nyengoyi tili mazira omatirira pa khungwa la mtengo, tina tili m'chikwa pansi pa nthaka. Sinowo ikaphimba pansi imatithandizanso tizilomboti, chifukwa mpweya ukhoza kuzizira zoopsa koma nthaka ya pansi pa sinowo imangokhala chapafupi ndi madigiri 0. Komanso kuzizira kwa kuno n'kwamasewera tikayerekeza ndi Canada. Ku Braemar, mudzi wa kumapiri konkuno ku Scotland, kunafikapo madigiri -27.2 mu 1982 ndipo anthu mpaka pano amakambabe, pomwe ku Winnipeg, mzinda wa ku Canada, -30 ndi nkhani ya chaka ndi chaka, koma kachikumbu kofiira kodya ma lily kali konko, kakudya bwinobwino, kakuswana. Ngati Winnipeg yalephera, Glasgow ndi mvula yakeyi ingathe chani.

Mdani wamkulu kwa ine ndi vine weevil, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ameneyu amaononga anthu osadziwa n'komwe kuti chachitika n'chani. Wamkuluyo ndi kachikumbu kakuda kotuwirako, kotalika mamilimita 9 basi, kali ndi timadontho tachikasu kumsana ndi kamlomo kotalikirapo, sikauluka, masana kamabisala, kamayenda usiku. Ntchito yake ndi kudya m'mbalimbali mwa masamba, nde mukaona masamba a rhododendron, hydrangea kaya bergenia ali ndi timanong'onong'o m'mphepete, osati zibowo zapakati zomwe nkhono zimaboola koma m'mphepete mwenimweni, dziwani kuti alipo. Masambawo sadandaulitsa kwenikweni, mbewu siifa ndi zimenezo. Vuto ndi ana ake. Ma vine weevil onse ndi aakazi, safuna mwamuna kuti aswane, mmodzi yekha amaikira mazira mazanamazana nyengo yotentha yonse, m'nthaka pafupi ndi tsinde. Mphutsi zake ndi zoyera, mutu wofiirira, zopanda miyendo, zopindika ngati chilembo C, zimafika sentimita imodzi, ndipo zimayamba kudya mizu kumapeto a nyengo yotentha, kudya Okutobala, Novembala, kukazizira kwambiri zipume pang'ono, kukafunda ziyambirenso, mpaka cha mu Epulo.

Zimafanana ndi anankafumbwe m'thumba la chimanga, kunja thumba lili bwinobwino chodzaza, ukadzamasula ndi fumbi lokhalokha. Heuchera amaoneka wa moyo winta yense chifukwa kukuzizira sakumwa madzi ambiri, nde Malichi kaya Epulo kakangowala kadzuwa tsiku limodzi umangoona wafota lende, ukathirira osadzuka. Ukamugwira kuti uone, amangozuka yense m'dzanja pepuu, pansi pake palibe muzu olo umodzi, tsinde lakumbidwa mkati, ndipo ukapalasa dothi ndi chala ndi izo mphutsi zili ndundu, zonenepa, zikungodzipinda. M'mapoto ndi momwe zimaonongetsa kwambiri chifukwa kompositi wogula uja ndi wofewa, mulibe adani awo, ndipo mizu yonse ili pamalo amodzi. Heuchera, sedum, primula, cyclamen, fuchsia, sitiroberi, zimenezi ndiye ndiwo zawo.

Koma heuchera wotere musataye msanga. Tsukani tsindelo pa mpopi, chotsani mphutsi zobisala mkati, dulani poola, thotholani masamba ambiri kusiya awiri atatu apamwamba, n'kumuzika mu kompositi watsopano pamthunzi. Nthawi zambiri amamera mizu ina. Dothi lakale lija liyaleni pa thireyi panja, ka robin kabwera kokha, kambalame kameneka kalibe manyazi, kamatola mphutsi iwe uli chiimire pompo.

Mankhwala ake enieni ndi ma nematode, tinyongolotsi tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso tomwe timalowa m'thupi mwa mphutsi n'kuipha ndi mabakiteriya omwe timanyamula. Amagulitsa pa intaneti, timabwera tamoyo mu kapaketi kooneka ngati muli ufa wonyowa, umasunga mu fuliji osati mu fuliza, ndipo pamakhala deti yoti ugwiritse ntchito isanadutse. Apa ndi pomwe nkhani ya dziko lozizira imalowa zenizeni. Ma nematode ali mitundumitundu, a mtundu wa Heterorhabditis amafuna nthaka yofunda madigiri 12 kupita m'mwamba, pomwe Steinernema kraussei amagwirabe ntchito olo nthaka itatsika mpaka madigiri 5. Ife a kumpoto kuno werengani paketi musanalipire, chifukwa malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a kumwera kwa England komwe nthaka imafunda msanga n'kuchedwa kuzizira. Kathemomita kobaya m'nthaka n'kotchipa, gulani. Nthawi yabwino ndi kumapeto a Ogasiti mpaka Sepitembala, mphutsi zikadali zazing'ono zisanathe mizu. Thirirani kaye nthaka inyowe, sungunulani paketi yonse mu keni, chotsani chisefa chakukamwa kwa keni ngati chili ndi timabowo tating'ono kwambiri, thirani madzulo dzuwa litapepa, kenako nthaka isaume kwa masabata awiri. Zoti isaumezo kuno sitivutika nazo, kumwamba kumatithandiza mopitirira muyezo.

Ma vine weevil akuluakuluwo ndiye ndi tochi basi. Umayala nyuzipepala kaya ambulera yotsegula chagada pansi pa mbewu, kugwedeza, amagwa n'kunamizira kufa, iwe n'kumatola. Chovuta n'choti mu Juni kuno mdima weniweni umayamba 11 koloko itadutsa, nde umapezeka munthu wamkulu uli m'dimba pakati pa usiku ndi tochi ndi kabotolo, aneba akusuzumira pa windo. Oyandikana nane anazolowera, poyamba ankaona ngati ndataya makiyi.

Tibwere kwa kachikumbu kofiira kaja, lily beetle. Kokongola zedi, kofiira piriwiri, mutu ndi miyendo zakuda, mamilimita 8, moti ana amakakonda. Ku Britain kanakhazikika cha mu 1939 ku Surrey, kumwera kwa England, ndipo kwa zaka zambiri kanali nkhani ya kumwera kokha, koma zaka za m'ma 2000 zitangoyamba kanapezeka ku Scotland, pano kafalikira m'madera ambiri. Ku Canada kanayambira ku Montreal m'ma 1940. Kamagona winta kali kakakulu, m'nthaka kaya m'zinyalala za masamba, ndipo kamadzuka molawirira, kumapeto a Malichi kaya Epulo, kuyamba ndi ma fritillary omwe amaphuka msanga kenako n'kusamukira pa ma lily. Ma daylily sikawakhudza, dzina lokha ndi lofanana koma si pachibale penipeni.

Kali ndi nzeru zake. Ukangogwedeza tsamba kamadzigwetsa pansi chagada, mimba yake yakuda n'kufanana ndi dothi, sungakaonenso. Nde dzanja limodzi liyambe lakhala pansi pa tsamba, kapena kachitini ka madzi a sopo, kenako ndi pomwe ukagwire ndi dzanja linalo. Mukakagwira kayikeni kukhutu mumve, kamalira tswii tswii. M'mawa kukadali kozizira ndi nthawi yabwino chifukwa kamakhala kaulesi, dzuwa likakwera kamauluka. Mukatero tembenuzani masamba muone pansi pake, mazira ake ndi ofiira ngati lalanje, ali pamzere, ongofikisa ndi chala. Mukawaphonya ndiye mukumana ndi ana ake, ndipo ana amenewa abale ndi onyansa, amadzipaka manyi awo omwe thupi lonse moti umaona ngati mbalame yanyera pa tsamba, chonsecho mkati muli kamphutsi kakudya. Iwowa ndi amene amamaliza masamba onse mpaka maluwa osamasula, ndipo lily akatha masamba chaka chino anyezi wake wapansi sasunga chakudya, chaka chamawa amatuluka wofooka kaya osatuluka n'komwe. Valani magolovesi, pululani ndi tishu. Ku America ndi Canada akatswiri anachita kuitanitsa kamavu kakang'ono ka ku Ulaya kotchedwa Tetrastichus setifer komwe kamaikira mazira mwa ana amenewa, ndipo m'madera ena kathandiza ndithu. Kuno timavu totere tilipo kale, chifukwa china chosapoperera mankhwala mwachisawawa.

Gooseberry ali ndi wake, sawfly. Izi ndi mbozi zobiriwira zamadontho akuda, zimafika masentimita awiri, ndipo liwiro lake ndi lodabwitsa, ukapita kokayenda sabata imodzi mu Meyi ukabwera upeza kamtengo kali mitsempha ya masamba yokhayokha, zipatso zili lendelende pamtunda. Chinsinsi chake n'choti mayi wake amaikira mazira pa masamba apansi, mkatikati mwa chitsamba momwe muli minga, nde iwe ukamayang'ana pamwamba zonse zili bho pomwe moto wayambira mkati. Kuyambira kumapeto a Epulo gwadani, patulani nthambi, funani tsamba lomwe lili ndi timabowo tating'onoting'ono tambiri pamodzi, thotholani tsamba limenelo basi mwapha banja lonse zisanabalalike. Zimabwera maulendo awiri kaya atatu pa chaka nde musati mwathana nazo mu Meyi. Podulira mu winta tsegulani pakati pa chitsambacho kuti muzitha kuona mkati, mbalame nazo zizilowa. Solomon's seal nayenso ali ndi sawfly wake, mbozi zotuwa za mitu yakuda, zimadya akatha maluwa, koma ameneyo ine ndimangomusiya, amaoneka zomvetsa chisoni mu Julayi koma chaka chamawa amabwereranso.

Nsabwe za m'masamba ndiye aliyense akuzidziwa, za pa mpiru ndi repu kumudzi zija ndi abale ake omwewa. Apa ndimasiyana maganizo ndi anzanga ambiri. Mu Meyi nsonga za rozi zimadzaza nsabwe, ndipo zimachuluka msanga chifukwa nyengo imeneyi zazikazi zimangobereka ana amoyo popanda yaimuna. Adani awo, tizilombo todya nsabwe monga ma ladybird (tizikumbu tofiira ta madontho akuda tija), ana a hoverfly ndi ma lacewing, amachedwa pang'ono, makamaka chaka chomwe mu Epulo ndi Meyi kwazizira. Nde pamakhala masabata awiri atatu oti dimba likuoneka ngati lagonja, ndipo nthawi imeneyi ndi yomwe anthu amathamangira ku shopu kukagula botolo lopopera. Ukapopera wapha nsabwe, inde, koma wapheranso limodzi ma ladybird ochepa omwe anali atangofika, nsabwe zimabwerera m'masiku ochepa, ma ladybird amatenga nthawi yaitali. Ine ndimangopulula ndi zala pa nsonga zomwe zanyanya kaya kuzithira madzi amphamvu a paipi, zotsalazo ndi chakudya cha timbalame totchedwa blue tit. Komanso phunzirani nkhope ya mwana wa ladybird, safanana ndi make olo pang'ono, ndi kakuda kotalika ka timadontho ta lalanje, koyenda mwachangu, anthu ambiri amakapha poganiza kuti ndi mdani chonsecho ndi kamene kakugwira ntchito yaikulu.

Pa lupin pokha ndiye chifundo ndilibe. Nsabwe zake ndi zina, zikuluzikulu, zotuwa ngati zawazidwa ufa, zinachokera ku North America n'kuoneka koyamba ku Britain mu 1981. Zimayamwa poizoni wa mu lupin momwemo nde zodya nsabwe zambiri sizizifuna, ndipo zimatha kugwetsa mbewu yonse. Zimagona winta patsinde penipeni, nde mu Epulo masamba akamaphuka yang'anani pamenepo, kuphwanya khumi lero kuposa kudzalimbana ndi chikwi mu Juni.

Wina afunsa kuti nanga njira zathu zija, phulusa, nimu, ombwe? Phulusa kuno mvula imalitsuka tsiku lomwelo, komanso limachepetsa asidi m'nthaka, nde pafupi ndi blueberry kaya rhododendron musayerekeze, mbewu zimenezo zimafuna nthaka ya asidi. Mafuta a nimu amapezeka m'mashopu ngati odzola koma kuno sanavomerezedwe kukhala mankhwala ophera tizilombo m'dimba. Malamulo a kuno pa mankhwala akunka nathina. Mu 2018 analetsa kugwiritsa ntchito panja mitundu itatu ya ma neonicotinoid chifukwa cha njuchi, ndipo timibulu ta metaldehyde topha nkhono tinaletsedwa mu Epulo 2022, nde ngati munapeza chitini chakale mu shedi ya nyumba yomwe mukuchita lendi, musathire, funsani a khonsolo komwe amatayira zoterezi. Olo omwe amalembedwa kuti ndi achilengedwe monga pyrethrum sasankha, amapha njuchi ndi ladybird chimodzimodzi. Ngati mwafikadi poti simungachitire mwina, poperani madzulo njuchi zitapita, ndipo pa duwa lomasula ayi.

Mkangano womwe sutha pa allotment pathu, malo omwe aliyense amachita lendi kadimba kake, ndi wa kusesa. Pali amayi ena achikulire oyandikana nane plot, anayamba kulima pamenepo ine ndisanabadwe, iwo Okutobala akafika amadula chilichonse mpaka pansi, kusesa, nthaka kuisiya yoyera, akuti zinyalala ndi nyumba ya tizilombo. Sakunama. Koma nyumba yomweyo ndi momwe mumagona ma ladybird, akangaude, achule ndi tizikumbu takuda tothamanga pansi tija tomwe timadya mphutsi ndi mazira a nkhono. Ndikawauza amangoseka n'kuti mwanawe udzaona, ndipo kunena zoona ma dahlia awo amaposa anga chaka chilichonse nde sindilimbikira kwambiri. Ine ndimachita zapakati. Mapesi a maluwa omwe sanadwale ndimawasiya chiimire mpaka Malichi, amatetezanso tsinde ku chisanu. Koma pomwe panali vuto chaka chimenecho ndimayeretsa, pansi pa gooseberry ndimapalasa pang'ono ndi kakhasu mu winta, mosamala poti mizu yake ili pamwamba, kuti zikwa za sawfly zibwere poyera mbalame zitole. Mapoto a ma lily ndimachotsa dothi lapamwamba n'kuika latsopano. Ndipo sitiroberi sindimusiya pamalo amodzi kupitirira zaka zitatu kaya zinayi, ndimatenga ana ake n'kukayamba bedi lina patali, apo ndiye kasinthasintha wathu uja amagwirabe ntchito olo pa mbewu zokhalitsa.

Chomaliza chomwe anthu sachiganizira ndi geti lomwe tizilomboti timalowera. Vine weevil sauluka, nde m'dimba mwanu anafika bwanji? Mwina anayenda kuchokera kwa aneba, amakwera khoma bwinobwino, koma kawirikawiri timamugula tokha ndi ndalama zathu, kapena kupatsidwa ndi mnzathu wachifundo mu poto wa heuchera. Ife a Malawi kukana mphatso sitimatha, ndipo musakane, landirani ndi manja awiri, koma mukafika kunyumba gwirani poto chadodolido, gogodani, mbewu ituluke ndi dothi lake lonse muone mizu. Mizu yoyera yozungulira bwino m'mbali ndiye zili bwino. Dothi likamangoyoyoka, mizu yochepa, fukulani ndi chala mufufuze. Timipira tachikasu kaya tobiriwira tomwe timaphulika tikafinyidwa musachite nato mantha, ameneyo ndi feteleza wa ku nazale, mazira a vine weevil ndi aang'ono kwambiri osakwana milimita imodzi, abulauni, simungawaone mwachisawawa. Zogula pa sale kumapeto a nyengo, zomwe zakhala pa shelefu chilimwe chonse, ndi zomwe ndimazikayikira kwambiri, zimenezo ndimazitsuka mizu yonse mu ndowa, kuzidzala mu kompositi watsopano, n'kuziika pazokha kuseri kwa shedi masabata angapo zisanakalowe pakati pa zinzake, ndipo ikafika nthawi ya ma nematode mu Sepitembala zimayambira kuthiridwa ndi zimenezo.